ANankhoma, Amene Ankafufuza Imfa za Amasitima

Amayi aakulu aNankhoma anamwalira kuchipatala ku Boma mvula itangoyamba, msewu wa ku Malomo utasanduka phala. Galimoto imene inanyamula bokosi inatitimira padambo, moti ulendo tinaumalizira pa ngolo ya ng'ombe. Ine ndinayenda pambuyo pa ngoloyo nditavala nsapato zimene ndinkafuna kukagulitsa Loweruka, poganiza kuti kuzivala tsiku limodzi sikungazigwetse mtengo. Zinafika kumudzi zikuoneka ngati mbatata zongokumba kumene. Akanakhala moyo akanandiseka mpaka kutsokomola.

Iwo anali akulu awo a mayi anga. Pa maliro awo panabwera anthu ambiri amene ife abale sitinkawadziwa: ena ochokera ku Bowe, ena kuseri kwa phiri la Ntchisi, ena anayenda pansi kuyambira dzulo lake. Ukawafunsa kuti malemuwa ndi ndani wanu, yankho linali lofanana: "Anatipezera bambo athu." "Anatipezera agogo." Sikuti anawapeza amoyo ayi. Chimene anawapezera ndi imfa zawo: kumene anafera, chimene chinawatenga, ndi amene anali pambali pawo.

Kuti zimveke, ndiyambe ndi chodabwitsa cha kwathu. Ife ndife anthu a kumapiri. Mtsinje wathu m'chilimwe mbuzi imaulumpha osanyowa. Koma amuna ambiri a m'badwo wa makolo athu, m'mudzi mwathu ndi midzi yoyandikana nayo, anakagwira ntchito pa sitima za m'nyanja yamchere. Akuti zinayamba ndi munthu mmodzi amene anapita ku Joni, kumigodi n'kumukana chifukwa cha chifuwa, iye n'kutsetserekera ku Durban, kumene anapeza ntchito yosenda mbatata m'khitchini ya sitima. Atabwera kudzaona kwawo ali m'jekete la mabatani onyezimira, anyamata anaponya makasu pansi. Mphwake anamutsatira, mlamu wa mphwakeyo anatsatira, mpaka mabanja athunthu anakhala a pamadzi, anthu osadziwa n'kusambira komwe. Kwathu timawatcha amasitima. Ena anabwerako ndi masutikesi ndi mabodza okoma. Ena sanabwere, ndipo sanamvekenso.

Mmodzi mwa osabwerawo anali Zakaliya, mlongo wawo wa aNankhoma, mwana woyamba m'nyumba mwawo. Ananyamuka iwo atangotha msinkhu kumene. Zaka zoyambirira ankatumiza moni kudzera mwa anthu obwera kutchuthi, ndipo ulendo wina anatumiza duku. Kenako kunangoti zii.

Mwambo wa zoterezi ulipo. Munthu akafera kutali, thupi osaoneka, amakumba manda, n'kuikamo thunthu la nthochi, anthu n'kulira, n'kumeta, nkhani n'kutha. Amalume a Gelevazio, mng'ono wake wa Zakaliya, ankafuna zimenezi kuyambira ine ndisanabadwe. Mwana akadwala, fodya akapsa ndi dzuwa, ng'ombe ikathyoka mwendo, iwo ankati ndi mzimu wa akulu awo umene ukusowa pogona. Koma maliro sakanachitika popanda aNankhoma, mkazi wamkulu wa mbumba yonse, ndipo iwo ankakana. Ankati kuika nthochi munthu ali moyo n'kumupha ndi manja ako, ndipo ngati anafadi, iwo sangalire chinthu chimene sakuchidziwa.

Mkangano umenewu ndinaumva kambirimbiri moti ndingathe kuuimba.

"Alongo, munthu angakhale chete zaka zonsezi ali moyo?"

"Iwe unakhala chete zaka zingati ku esiteti ya fodya kuja? Tinakuikira nthochi?"

"Ine ndinabwera."

"Unabwera chifukwa anakuthamangitsa. Mwina iye sanamuthamangitsebe."

Amalume ankanyamuka n'kupita kukakalipira ng'ombe zawo.

Kukana kokha sikunawakwanire aNankhoma. Anayamba kufufuza. Ankagulitsa fodya wa m'mphuno, ndipo malonda amenewa ndi amene ankawalowetsa m'makomo a nkhalamba zonse za m'mapiri muno. Kulikonse kumene amva kuti kuli wamasitima wobwerako, kapena mkazi wamasiye wa wamasitima, ankapitako. Sankalemba kanthu, kuwerenga kwawo kunali kwa m'buku la nyimbo basi. Zonse zinkakhala m'mutu, ndipo zinkakhala mwadongosolo kuposa katundu wa pa benchi yanga: uyu anapita ndi uje, anakwera sitima imodzi ndi mwana wa uje, anasiyana padoko lakuti.

Ine ndakhala pamsika moyo wanga wonse, ndipo ndimadzitama kuti palibe amene angandigulitse nsapato yomata ndi guluu. Koma kunenerera kwenikweni ndinakuona kwa mayi amenewa. Tsiku loyamba sankafunsa kanthu. Ankakhala pansi n'kumathandiza kuswa mtedza, kudandaula za mawondo, kuyamikira nkhuku za pakhomopo. Nkhalamba ikayamba yokha kutchula za sitima, iwo ankayasamula ngati zawatopetsa. Ikafika pakati pa nkhani n'kuima, iwo ankamanga kathumba kawo n'kutsanzika, ndipo asanafike pa nkhokwe ankamva, "Taimani kaye, mayi." Akapeza munthu wouma mtima, ankasinthana naye: ankamuuza imfa ya m'bale wake imene anaitola kwina, ndipo munthuyo ankachita manyazi kuwabweza chimanjamanja. Komanso sankalandira nkhani kwa munthu mmodzi. Ankafuna anthu awiri amene sanamwerepo mowa limodzi.

Mwa njira imeneyi anadzaza mutu wawo ndi akufa a eni ake. Ankadziwa amene anagwera m'dzenje la katundu akupakira shuga ku Beira, amene anamusiya m'chipatala cha pachilumba sitima n'kumapita, amene anaphedwa pa ndewu ya pamowa tsiku lolandira malipiro. Mabanja ankabwera, iwo n'kuwauza, anthu n'kupita kukalira maliro awo akudziwa chimene akulira. Si onse amene ankathokoza. Mayi wina wa kufupi ndi Malomo anakhala zaka zambiri akuuza ana ake kuti bambo awo anamira pa mphepo yamkuntho. ANankhoma atafufuza anapeza kuti bamboyo anatsika sitima ku Durban, anakwatira kumeneko, ndipo anafa atakalamba, ali wonenepa, pabedi. Mayiyo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Imeneyo bwererani nayo. Ndisiyireni yoyamba ija." ANankhoma anayankha kuti katundu wawo sabwezedwa, koma anamulonjeza kuti sadzamugulitsanso kwa wina.

Nyanja yamchereyo sanaionepo, koma inkawadya mutu. Ankafunsa amasitima kuti kodi pansi pake pali dothi kapena miyala, kodi munthu amadziwa bwanji kum'mawa pamene palibe phiri, kodi mchere wakewo ungathire m'ndiwo. Ulendo wina ndinawauza kuti ndiwalipirira minibasi akaoneko nyanja yathu ya kuno, mwina mtima ungakhale pansi. Anandiyang'ana ngati ndawapatsa nsapato ya phazi limodzi. Anati si madzi amenewo amene ali nawo mlandu.

Za Zakaliya anali ndi chinthu chimodzi chimene sanauzepo munthu aliyense, ngakhale mayi anga. Chinali chizindikiro cha pathupi pake. Anthu ambiri ankati ankamudziwa, ena pofuna kuwasangalatsa, ena pofuna fodya waulere. Onse ankati anali wamtali, woseka, wokonda anthu. Iwo ankangofunsa kuti, "Nanga pathupi pake munaonapo chiyani?" Ine ndemwe ndinawabweretsera mkulu wina amene ndinakumana naye pamsika, wolankhula bwino, wa tayi. Anati Zakaliya anali ndi chipsera pachipumi. ANankhoma anamupatsa fodya, n'kumuperekeza mwaulemu mpaka kumsewu. Pobwerera anandiuza kuti ine ndingagule ngakhale mwala, bola wogulitsayo avale tayi.

Tsiku limene ndikufuna kunena linafika iwo atayamba kale kuyendera ndodo. Inali nyengo ya mtedza, ndipo ine ndinkapita ku Bowe kukagula woti ndikagulitse ku Boma. Anandiuza kuti tipitira limodzi. Anali atamva kwa mkazi wina wamasiye kuti kumeneko kuli nkhalamba, a Lufeyo, imene inabwerako ku sitima mochedwa kwambiri ndipo siinkakamba za kumeneko ndi aliyense. Chimene chinawakoka si chimenecho. Chinali chakuti munthuyo sankapita kumaliro. M'mudzi, munthu wosapita kumaliro! Ena ankati n'kunyada, ena ankanena zoipa kuposa apo. ANankhoma anati munthu sathawa maliro popanda maliro amene akumuthamangitsa.

Tinawapeza a Lufeyo atakhala pamthunzi wa chigafa, akusoka thumba ndi chisingano chachikulu. Kasokedwe kake sindinakaonepo: kothinana, kowongoka, koti madzi sangadutse. Ine ndinayamba kale kuwerengera kuti munthu wotere angandikonzere nsapato zingati pa tsiku. ANankhoma anapereka moni, anatulutsa fodya, anayamikira thumbalo.

"Kusoka kotereku si kwa kuno," anatero.

"Kusoka n'kusoka, mayi."

"Anakuphunzitsani ndi azungu a pamadzi?"

"Ngati mwabwerera zimenezo, mwavutikira chabe. Ine za kumadzi ndinazisiya kumadzi."

ANankhoma anamanga kathumba kawo n'kuyamba kudzuka. Ine, katswiri wa pamsika, ndinatsegula pakamwa kuti ndichonderere, ndinene kuti tachokera kutali, mayiwa ndi okalamba. Ndodo yawo inatera pa chala changa cha kuphazi, ndipo ndinatseka pakamwa.

Ataima, anatembenuka ngati akumbukira kanthu kakang'ono.

"Paja a Sayilesi anali mng'ono wanu? Amene anakutsatirani uja?"

Singano inaima.

"Anagona ku Beira. Chinali chifuwa. Sanafe yekha ayi, anali ndi anthu awiri a kwathu, mmodzi wa iwo ndinamupeza ali moyo. Anamuika pamtunda, m'dothi, ndipo panali pemphero. Ndati mwina simunamve. Tsalani bwino, bambo."

Tinayenda mpaka pa khola la mbuzi.

"Taimani kaye, mayi."

Tinabwerera n'kukhalanso pansi. A Lufeyo anati mng'ono wawoyo anali ndi mwayi, chifukwa dothi ndi dothi. Iwo anaikapo munthu popanda dothi. Anali mnzawo wa m'khitchini, pa sitima imodzi. Azungu ankamutcha Jeki, ndipo onse ankamuitana choncho. Dzina lake la kumudzi sanalifunsepo, poti achinyamata safunsana zimenezo. Ankangodziwa kuti kwawo ndi kumapiri a Ntchisi. Malungo anamugwira atangochoka padoko, ndipo anamwalira mtunda uli kutali mbali zonse. Kunkatentha. Mkulu wa sitima anafunsa ngati pali wa kwawo. Analipo iwo okha. Anamusambitsa okha, anamusokera m'nsalu yolimba ya tenti, ndipo kumapazi anamangirirako zitsulo kuti asayandame.

"Anali munthu wotani?" anafunsa aNankhoma, mawu awo ali ngati akufunsa mtengo wa tomato.

"Wamtali. Wokonda kuseka."

"Onse amatero. Pomanga zitsulozo munaona chiyani?"

A Lufeyo anayang'ana manja awo.

"Chala chachikulu cha phazi lamanzere chinali chogawikana pakati, ngati chiboda cha mbuzi. Ndinachita kuchigwira pokulunga chingwe."

ANankhoma anatsika pa mpando umene anawapatsa n'kukhala pansi, padothi, miyendo atatambasula. Anati chalacho chinatemedwa ndi khasu, ali ana, akukumba mbewa. Ine ndinayembekeza kuti ayamba kulira. Sanalire. Anayamba kufunsa, ndipo anafunsa ngati munthu amene wasunga mafunso moyo wake wonse. Mutu unaloza kuti? A Lufeyo anati pamadzi palibe koloza, koma anatsogoza miyendo. Anapemphera ndani? Mkulu wa sitima anawerenga m'buku m'chizungu, iwo n'kuwonjezera Atate Athu m'chinenero chathu, chapansipansi. Nanga anasiya mawu? A Lufeyo anazengereza, kenako anati sananene za nzeru. Malungo anali atakwera kumutu, ndipo ankangodandaula kuti anyezi apserera pamoto. ANankhoma anagwedeza mutu, nati ameneyo ndi iyeyo ndithu, sankafuna kukalipiridwa.

Kenako anafunsa funso limene ine sindikanaliganiza.

"Nanga inu, mutatha zonsezo, munasamba? Anakudyetsani ndani?"

"Madzi ndiye anali ponseponse, mayi. Koma wondisambitsa panalibe. Ndinasamba m'manja ndi sopo n'kubwerera kukasenda mbatata."

Kwathu adzukulu, anthu amene amasambitsa mtembo ndi kuuika, sabwerera kunyumba chomwecho. Amasamba mankhwala, ndipo eni maliro amawaphikira, kuwathokoza, n'kuwamasula. A Lufeyo anati chiyambire tsiku limenelo ankamva ngati maliro aja akadali m'manja mwawo, ndipo sankaona kuti n'koyenera kulowa nawo pa maliro a munthu wina. Atabwerako anayesapo kufunsa ku Boma za banja la Jeki, anthu n'kumawaseka kuti a Jeki ndi ambiri.

"Ndiye kuti wolakwa si inu," anatero aNankhoma. "Ndife. Adzukulu athu takhala nawo ndi njala zaka zonsezi."

Mtedza sindinagule tsiku limenelo.

Uthenga utafika kumudzi, amalume a Gelevazio analira pang'ono, kenako anakatenga chikwanje. Anati tsopano palibenso chotsutsa, akadule nthochi.

"Uika nthochi ya chiyani?"

"Alongo, mwamva nokha kuti anafa!"

"Ndamva kuti anafa, ndamvanso kuti anaikidwa. Anamusambitsa, anamuveka, anamupempherera. Unaonapo munthu akuikidwa kawiri? Nthochi yakoyo ili ndi chala chogawikana?"

"Nanga tichite chiyani?"

"Zimene zinatsala. Kulira sitinalire, kumeta sitinamete, adzukulu sitinawadyetse."

Zinachitika momwemo. Patapita masabata angapo ndinakawatenga a Lufeyo pa njinga ya kabaza. Akuluakulu anawakonzera madzi a mankhwala kuseri kwa nyumba, ndipo anasamba. Kutchalitchi kunachitika Misa, dzina la Zakaliya n'kutchulidwa pakati pa akufa koyamba. Pobwera kumeneko ndi pamene aNankhoma analira. Analira ngati munthuyo wamwalira m'mawa womwewo, akumuitana dzina, akumufunsa chimene anakatsata kumadzi pamene kwawo kunali munda. Amayi amene anabadwa iye atapita kale analira nawo, ndipo sanali kunamizira.

Koma chimene anthu amakumbukira kwambiri ndi cha masana ake. Adzukulu pa maliro ali ndi ufulu wawo: amanyoza eni maliro, amatenga chimene afuna, ndipo palibe wowaletsa. Nkhalamba ija, imene kwawo inkadziwika kuti siseka, inaima pakati pa bwalo n'kufunsa kuti tambala wamkulu kwambiri pamudzi pano ndi wa yani. Anali wa amalume a Gelevazio, tambala amene ankamusungira mbewu. A Lufeyo anamuthamangitsa okha, akupunthwa, ana akukuwa, mpaka anamupanikiza pansi pa nkhokwe.

"Ameneyo ayi, akulu! Pali ena awo!"

"Khalani chete, anamfedwa. Ndadikira nkhuku imeneyi kuyambira inu musanamere ndevu."

ANankhoma, mutu uli wometa, maso ali otupa, anaseka mpaka anagwira nthiti.

Tinkaganiza kuti akapeza wawo asiya. Sanasiye. Miyendo itakana, anthu ndi amene ankabwera kwa iwo, ndipo iwo ankatuma mafunso kudzera mwa aliyense wopita kumsika kapena kuchigayo. A Lufeyo anayamba kupita kumaliro a kwawo, ndipo atamwalira, aNankhoma anakagona kusiwa kwawo ngati wachibale. Amasitima enieni anatha mmodzimmodzi. Mayi anga ankawauza aNankhoma kuti auze mmodzi wa ife zonse zimene akudziwa kuti tilembe. Ankayankha kuti aliyense amene imfa inali yake anamupatsa kale, zotsalazo n'zimene anazimva kwa munthu mmodzi yekha, ndipo sangasiyire ana katundu wokayikitsa. Zapita nawo.

M'mawa wa tsiku lowaika, ine ndinapita nawo kumanda limodzi ndi amalume a Gelevazio, amene tsopano amayenda mogwiriridwa, kukaonetsa adzukulu pokumba. Manda a kwathu adzaza, mitengo ndi mitanda zikupanikizana. Mkulu wa adzukulu anayang'anayang'ana n'kupeza malo abwino, oyera, pafupi penipeni ndi manda a agogo, mayi awo a malemu. Anaikapo khasu.

"Apa ndiye pabwino. Mwana agone pafupi ndi mayi ake."

"Pamenepo ayi," anatero amalume. "Sunthirani uko."

"Bwanji? Pali munthu apa?"

"Palibe."

"Ndiye mukusungira ndani, akulu? Malo avuta masiku ano. Kapena mukudzisungira nokha?"

Adzukulu anaseka. Amalume sanaseke. Anati pamenepo ndi pamene iwo ankafuna kukumba zaka zonse zija. Mwini wake anaikidwa kale kwina, ndipo alongo awo sanalole kuti pagone china chilichonse m'malo mwake. Ngati iwo anakanika kukumbapo alongo awo ali moyo, sayamba lero alongowo atangotseka maso.

Adzukulu anang'ung'udza, chifukwa kumene anawalozera kunali mizu, koma anakumba komweko.

Choncho pakati pa agogo ndi aNankhoma patsala kampata. M'lifupi mwake mungagone munthu mmodzi wamtali. Palibe mtumbira, palibe mtanda, palibe dzina. Pali masamba ofota a msuku, ndipo tsiku limenelo, chifukwa cha mvula, panali patamera tibowa toyera m'mbali mwake. Anthu ochoka kumanda ankapalambalala osauzidwa ndi munthu.